Masiku Zana M'sitolo Yopanda Katundu

4 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, inu, Mayi ndi Bambo. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chimene chimandichezera mwezi ndi mwezi ngati wachibale.

Mudabwa kuona kalata ya pepala kuchokera kwa munthu amene mumatumizirana naye mauthenga pa foni. Paja munandiuza kuti Bambo anati za pa foni ndi mphepo, ngati mwanayo ali ndi mawu alembe ndi dzanja lake. Ndiye ndalemba, dzanja lachita kuwawa. Muwawerengere, kapena muingoisiya pa kauntala pafupi ndi makina odulira makiyi, aiona okha.

M'phukusili muli kamakina ka m'manja kosewerera gemu, tchaja yake, ndi gemu imene takhala tikupanga zaka ziwiri, anthu asanu m'kachipinda kamodzi. Sinalowe pa msika, iyi ndi yoyesera. Nkhani yake ndinalemba ndine. Ndi ya mnyamata amene ali ndi sitolo, ndipo kuseri kwa sitoloyo kuli dzenje lalikulu lodzaza ndi zilombo ndi chuma. Mnyamatayo amakiya sitolo n'kutsika, kumenyana ndi zilombo, kutola katundu. Akakwera amayala katunduyo pa mashelefu n'kuika mitengo. Mtengo woyenera sakuuza munthu, umaudziwa poyang'ana nkhope ya kasitomala. Akamwetulira kwambiri ndiye kuti wadzibera wekha, akakwinya ndiye kuti wakweza. Zimenezo ndinazitenga kwa Bambo. Mukukumbukira mmene ankatiuzira kuti usayang'ane thumba la munthu, yang'ana nsidze? Ndinaikamo ngakhale belu la pachitseko ndi sikelo ya misomali ija.

Sindikunena kuti aikonda. Ndikungofuna aone kuti chimene ndinachokera pa kauntala si kuyendayenda, ndi ntchito.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. Mu Ogasiti andipatsa tchuthi cha milungu itatu, ndipo ndikufuna kubwera. Mukudziwa mmene ndinachokera. Bambo anati ukatuluka pakhomo pano kiyi wa sitolo usiye, ine n'kumusiyadi pa kauntala. Zaka zinayi tsopano sanandiyankhulepo ngakhale "ee". Sindikufuna kuyenda ulendo wa masiku awiri kuti ndidzaime pakhonde ngati wotsatsa mabulashi. Muwafunse, ndibwere? Ndikungofuna liwu limodzi, la iwowo, osati lanu lowakometsera. Tikiti ndiyenera kugula Julayi asanathe.

Ndine mlongo wanu,
Bawuti

27 Malichi

Iwe Bawuti,

Tili bwino. Mayi akupereka moni, akuti uzivala juzi. Phukusi lafika, ndipo ndili ndi funso limodzi: bawuti unameza uli ndi zaka zitatu ija inatulukadi, kapena inakwera n'kukakhala m'mutu?

Kalata yako ndinawawerengera m'mawa titangotsegula. Anamvetsera akupukuta makina a makiyi. Nditafika pa za nsidze paja anatsokomola pang'ono, ine mumtima n'kuti zayenda. Ndinayatsa kamakina kako n'kukaika pa kauntala. Anavala magalasi. Mayi anatulukira kuchokera kuseri, manja ali thovu lokhalokha.

Ndiye gemu yako inayamba ndi chiyani? Manda! Mvula ikugwa, kanyimbo kachisoni, kamnyamata kali chilili pa manda, pansi n'kulemba kuti bambo ake amwalira, amusiyira sitolo. Kenaka chithunzi cha malemuwo pa khoma: dazi, magalasi pamphuno, epuloni ya buluu, pensulo kukhutu. Bawuti! Pensulo kukhutu!

Mayi anangoti "Mayo ine!" n'kubwerera kuseri. Bambo anavula magalasi, kuwapinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Wandipha." Basi. Tsiku lonse anadula makiyi a anthu, ndipo awiri anawalakwitsa, chinthu chimene sindinachionepo chibadwire.

Ndinkayesa kuti kamakinako akataya. Patapita masiku awiri ndinawapeza nako m'chipinda cha katundu, atabisala kuseri kwa zitini za penti. Dzulo anandiitana n'kuti tenga pepala ulembe. Zotsatirazi si zanga, ine ndine dzanja chabe:

"Umuuze kuti sitolo yakeyo sasesa. Ndafufuza ngodya zonse, mulibe tsache. Umuuze kuti makasitomala ake ndi opanda ulemu. Amalowa osapereka moni, kunyamula lupanga, n'kuponya ndalama zokwanira ndendende. Ndi dziko liti limene munthu safuna chenji? Palibe ndi mmodzi yemwe wobwera ndi bawuti yothyoka m'thumba kudzanena kuti ndikufuna yonga iyi koma yokulirapo pang'ono. Ndiye imeneyo ndi sitolo kapena ndi chiyani? Wakuba akumalowa atadziphimba kumaso, thumba kumsana, dzuwa likuswa mtengo. Umuuze kuti wakuba weniweni amavala tayi ndipo amayamba wafunsa ngati amayi ako adzuka bwino. Nanga chikwama chimenecho? Malupanga khumi akulowa pamalo amodzi, koma nthenga imodzi akuti malo atha. Kulongedza anaphunzira kwa yani? Osati kwa ine."

Za Ogasiti ndinafunsa. Anati, "Munthu wakufa sayankha makalata." Koma kalata yako sanaitaye, aibaya pa waya wa malisiti uja. Ndati ndikuuze zimenezo, tanthauzo lake udzipezere wekha. Ine ndili ndi makatoni asanu ndi limodzi a mahinjesi oti ndiyale, ndipo palibe dzenje limene linandipatsa.

Mchemwali wako

15 Epulo

Achemwali,

Zikomo pondiyankha. Mayi muwauze juzi ndikuvala.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, kachitatuko ndinachita kugoneka mutu pa tebulo. Sindinaphe munthu ine! Magemu onse a mtundu umenewu amayamba choncho. Pamafunika chifukwa choti mwana akhale ndi sitolo yekha, ndiye kholo limafa, kapena limasowa m'dzenje. Ndi mmene zimakhalira basi, palibe amene amaziganizira. Inenso sindinaziganizire, ndikuvomera. Wojambula wathu atandifunsa kuti mwini sitolo wakaleyo aoneke bwanji, ndinangofotokoza mwini sitolo wodziwa ntchito kuposa onse amene ndinawaonapo. Ndinkati ndikuwalemekeza. Ndikanadziwa ndikanamupatsa ndevu ndi chipewa.

Za tsache, ndani angagule gemu kuti azisesa? Anthu amasesa kwawo kwaulere. Za chenji, tinayesa, oyesa gemu athu anagona. Wakuba amayenera kuoneka kuti ndi wakuba, apo ayi wosewera amugwira bwanji? Ngakhale ndinene zoona, anzanga kuno aseka mpaka misozi za wakuba wa tayi, ndipo abwana akuti timuikemo. Chikwama chija tinachipanga dala, kuti munthu azivutika posankha chotenga ndi chosiya. Ndiko kukoma kwake. Ndikudziwa kuti nthenga silemera, Achemwali, ndinafika nayo kutali sukulu.

Muwauze kuti atsike m'dzenje. Akungodandaula za pamwamba pomwe theka la gemu lili pansi. Chipinda choyamba n'chosavuta, muli zimamina zobiriwira zodumphadumpha, ukazimenya katatu zimaphulika n'kusiya madzi ake, amene anthu amagula. Musandifunse kuti amakatani nawo. Kunsi kwake kuli mafupa oyenda okha. Asamale ndi mabokosi a chuma, ena ali ndi mano. Ndipo asaope, mnyamatayo safa zenizeni. Akagonja dzenje limangomulavulira pakhomo pa sitolo, katundu yense n'kutayika. Akagona, m'mawa amadzuka ali gwa.

Mawu oti wakufa sayankha makalata andipweteka, ndisaname. Koma poti akusewera, mwina pali kanthu. Muwafunsenso za Ogasiti, musankhe nthawi yabwino, atamwa tiyi, osati pamene kasitomala wabweza loko.

Bawuti

9 Meyi

Bawuti,

Moni wa Mayi ndi womwewo. Ine moni wanga ndausunga, ndidzakupatsa ukadzandichotsera vuto wandibweretserali.

Bambo ako afika tsiku la makumi anayi ndi limodzi m'gemu yako, ndipo m'dzenje sakutsika. Ndawawerengera zonse unalemba, zimamina, mafupa, mabokosi a mano. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kuti, "Mapanga awiri avumbwitsa. Sitolo sikiyidwa masana."

Katundu amene gemu imakupatsa poyamba uja anatha pa tsiku lachitatu. Kuyambira pamenepo mashelefu ali mbee. Koma tsiku ndi tsiku, nthawi ya chakudya cha masana, amakhala pa chidebe cha penti, kuvala magalasi, n'kutsegula sitolo yopanda kanthu. Belu limalira, tianthu timalowa, kuzungulira, kamtambo kakuda n'kutuluka pamutu, n'kumapita. Ndipo amatipatsa moni, Bawuti, mokweza! "Takulandirani amayi, pepani katundu sanafike." Mphindi khumi zathunthu, mpaka dzuwa la m'gemu lilowe. Kenaka amakiya, kukagoneka kamnyamata, n'kuzimitsa. Tsiku limodzi patsiku, ngati mankhwala.

Muli kankhalamba kena kamene kamaima pa chitsime n'kumanena mawu amodzimodzi tsiku lililonse, akuti "Dzenje likukuitana, mnyamata." Bambo amakayankha kuti "Tsika wekha." Lachiwiri wokonza mapaipi wina anadikira pa kauntala yeniyeni mphindi zisanu, ndalama zenizeni zili m'manja, Bambo ali kalikiliki kupepesa makasitomala a m'galasi. Atapempha kuti awathandize kupha chimamina chimodzi chokha, anamufunsa ngati iwo anapitako kunyumba kwake kukamugwirira sipanala. Ine ndinayesa kutenga kamakinako Bambo atapita kukasamba m'manja. Anandimenya padzanja ngati ndili ndi zaka zisanu, ine mayi wa ana awiri.

Madandaulo atsopano ndi awa. Anayenda nako kamnyamata m'tauni ya m'gemu, n'kudina batani molakwitsa m'nyumba ya munthu, ndiye kanaswa mtsuko n'kutola ndalama inali m'menemo, mwini nyumba ali pompo akumwetulira. Akuti ndikufunse ngati anakulera choncho. Akutinso wosula zitsulo wa m'gemumo amaima malo amodzi chaka chonse, kodi alibe kwawo?

Ine ndatopa nanu nonse awiri. Njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu, ndipo udzuwo ndine. Ndikutsegula ndekha, kuyala ndekha, kulimbana ndi loko wa chitseko cha kutsogolo amene wachita dzimbiri mpaka kiyi ndimachita kumupempha. Timagulitsa maloko mitundu isanu ndi iwiri, koma ndikati tisinthe, Bambo amangothira mafuta n'kuti akadali bwino.

Za Ogasiti ndinasankha nthawi yabwino monga unanenera, tiyi atamwa, shuga atatu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, "Walemba za mtsuko?" Ndiye yankho lako ndi limenelo, mtsuko.

Mchemwali wako wotopa

28 Meyi

Achemwali,

Musavutikenso kufunsa. Ndamva.

Sindine mwana. Munthu wanzeru ngati Bambo sangatsegule sitolo yopanda kanthu masiku makumi anayi chifukwa chosadziwa kusewera. Akundilankhula. Atenga gemu yanga yomwe, imene ndinaipangira zaka ziwiri, n'kumandikwapula nayo. Akuti mwana wabwino amakhala pa kauntala, ngakhale mashelefu atakhala mbee, ngakhale atafa ndi njala, bola asachoke. Wotsika m'dzenje ndine, wolakwa ndine. Uthenga wafika, sanafunike ngakhale sitampa.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, Achemwali. Sindinabe, sindinatukwane munthu, ndinangofuna kupanga chinthu changa. Ndinatumiza chinthucho ndi manja awiri, chimene ndalandira ndi tsache, chenji ndi mtsuko. Tikiti sindigula. Tchuthicho ndidzagona kuno, ndidzachapa makatani. Mayi muwauze kuti ndi ntchito yachuluka, musawauze zinazi.

Pepani kuti mwakhala pakati. Sindidzakutumaninso.

Bawuti

Ndinaiwala. Muwauze abweretse katundu kuchokera m'dzenje ngakhale kamodzi kokha tsiku la zana lisanafike, ngakhale madzi a chimamina. Tinaikamo mathero ena a nthabwala a anthu aulesi, amene amafika masiku zana osabweretsa kanthu. Sitinkaganiza kuti pali munthu padziko amene angapirire mpaka pamenepo. Si mathero abwino kuti awaone iwowo. Poti akusewera tsiku limodzi patsiku, muli ndi nthawi mpaka Julayi.

16 Juni

Iwe mwana iwe,

Foni uli nayo ya chiyani? Yoonera nthawi? Chinthu choopsa chotere unachilemba kunsi kwa kalata ya mkwiyo, n'kuchiponya pa positi kuti chiyende milungu iwiri ndi theka! Kalata yako yafika dzana. Yangayi ndiitumiza pa positi yachangu. Tsiku la zana linafika Lachitatu lapitalo.

Akumba msewu wathu kuti aike mapaipi a madzi, ndiye kwa milungu itatu pakhomo pa sitolo pali ngalande ndi thabwa limodzi lowolokera. Makasitomala anasowa. Bambo, posowa chochita, anayamba kusewera masiku anayi, asanu patsiku. Masamu akowo anathera m'ngalande.

Ndinali pambali pawo ndikusankha mawashala a mabawuti. Belu silinalire. Kamnyamata kanatuluka kokha, osadina kanthu, kanakiya chitseko, kanapita kuseri n'kuponya kiyi m'dzenje. Kenaka kananyamula kamtolo n'kuyamba kuyenda mumsewu, kakucheperachepera. Ndipo kanyimbo kake kosekesa, ka malipenga! Pa galasi panatuluka mawu akuti, "Sitolo yopanda katundu si sitolo. Yambiraninso." Unalemba ndiwe zimenezo? Usandiyankhe, ndikudziwa.

Bambo anadina mabatani onse, Bawuti. Onse, ngakhale lokwezera mawu. Ndinawamva akunena chapansipansi kuti, "Bwerera, iwe." Sikanabwerere. Anaika kamakinako m'dirowa ya maloko n'kutseka. Ndinalira, ndikuuze, ndipo ndinalira ndi mkwiyo, chifukwa ndinaonapo kale zimenezi pakhomo lomweli, popanda malipenga.

Kalata yako itafika ndinaganiza zoibisa. Kenaka ndinati ayi, ndakhala sefa wa banja lino zaka zinayi, zakwana. Ndinawawerengera yonse, ng'ona, makatani, zonse. Ndinkadikira kuti akalipe. Koma iwo anati:

"Akuti sindinatsike? Ndinatsika. Tsiku lachiwiri lomwe, m'chipinda cha katundu muja. Zimamina zakezo zinam'menya mwanayo, dzenje n'kumulavulira pakhomo. Chikwama chopanda kanthu, akuyenda chotsimphina. Chitseko chokiya, chikwangwani chakuti TATSEKA, m'kati mdima. Palibe womutsegulira, palibe womufunsa kuti zakhala bwanji. Ine zaka makumi atatu ndi zisanu ndinkapita kukaoda katundu amako ali pa kauntala. Ndikabwera nditalephera, chitseko ndinkachipeza chotsegula. Uyu wapha woti azimutsegulira. Ndiye ndimutumizenso bwanji kumeneko?"

Wamva? Sankakukwapula. Ankasunga kamwana ka m'galasi kuti kasapezenso chitseko chokiya, masiku zana athunthu, uku akupepesa makasitomala. Ndiye iwe n'kukachotsa ndi malipenga.

Inenso ndinkaganiza ngati iwe, ndisadziyeretse. Koma inu awiri ndinu ofanana ngati misomali ya m'paketi imodzi, mitu yolimba, ndipo kuti mulowe penapake mpaka hamala. Za Ogasiti sindinafunse, ndipo sindifunsanso. Adiresi ukuidziwa, dzina lawo ukulidziwa.

Mchemwali wako

3 Julayi

Bambo,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Ndine mwana wanu. Kalata iyi ndalembera inu, sinadzere kwa Achemwali.

Pepani. Pepani chifukwa cha manda, pepani chifukwa cha malipenga, ndiponso chifukwa cha zimene ndinalemba mu Meyi. Ndinkaganiza kuti mukundinyoza. Sindinaone chimene inu munaona tsiku lachiwiri lomwe, ngakhale gemuyo ndinaipanga ndine ndipo ndatsika m'dzenjemo kambirimbiri.

Ndatumiza pa positi yachangu. Mu envulopu muno muli kakhadi kakang'ono ka gemu yokonzedwa, ndakamata ndi tepi kuti kasatayike. Achemwali akaike m'kamakina, kabowo kake kali pansi. Ndinakangana ndi abwana masiku atatu. Ankati magemu otere sayenda choncho, kholo liyenera kufa. Ndinawafunsa kuti analamula ndani, mapeto ake analola. Manda tachotsa. Mwini sitolo ali moyo, amakhala pa kauntala. Mnyamata akatsika, sitolo sitsekedwa. Nthawi inali yochepa, ndiye mkuluyo ndangokwanitsa kumupatsa mawu ochepa kwambiri, mundikhululukire. Tsache lilimo, lili kuseri kwa chitseko. Chenji ndalephera.

Ngati simukufuna kuiyatsanso, ndimvetsa. Koma funso langa likadali lomwe lija, ndipo mwezi uno ukatha tikiti sindingaipezenso. Ndibwere?

Ndine mwana wanu,
Bawuti

17 Julayi

Iwe,

Tadzuka. Amako ali bwino. Msewu aukwirira, koma aukwirira moipa.

Kalata yako ndalandira, ndi kakhadi komwe. Mchemwali wako anakaika chozondoka kawiri. Ndikulemba ndekha chifukwa iyeyo akuti dzanja lake lapuma pa ntchito.

Mphuno imeneyo si yanga. Uichepetse. Pensulo mwaika kukhutu la kumanzere, ine ndimaika kumanja, zaka zonsezi sunaone? Mkuluyo akugulitsa motchipa. Kasitomala akangokwinya pang'ono iye watsitsa kale, ameneyo atigwetsera sitolo. Komanso amaima tsiku lonse, mupatseni mpando, ndi munthu wamkulu. Tsache ndalipeza, koma ukasesa fumbi limangosowa, silipita kulikonse. Pafunika chowolera.

Ndatsika. Ndafika chipinda chachitatu. Zimamina ndazidziwa tsopano, zimadumpha kawiri n'kupuma, pamenepo ndi pomenyera. Bokosi la mano landiluma kawiri. Amene anaganiza zoika mano pa bokosi umuuze kuti ndi munthu woipa mtima. Mafupa oyenda aja amasiya zitsulo zabwino, koma ukuzigulitsa ngati zidutswa, pomwe ndi zoti munthu akhoza kupangira mahinjesi. Za chikwama sindinasinthe maganizo. Dzulo ndinasiya nyundo yabwino chifukwa cha bowa mmodzi.

Mwanayo wagonja kakhumi ndi kamodzi. Nthawi zonse dzenje likamulavula, chitseko chimakhala chotsegula, nyale ikuyaka, mkulu wa mphunoyo ali pa kauntala. Ndipo amanena mawu amodzimodzi. Kaya mwana wabwera ndi chikwama chodzaza, kaya wabwera chimanjamanja akutsimphina, mawu ake ndi omwewo: "Wabwera? Lowa." Ndinatenga pensulo kuti ndilembe dandaulo, kuti munthu sanganene chinthu chimodzi kakhumi ndi kamodzi. Ndakhala nalo dandaulolo masiku atatu, ndikufuna mawu ena oti ndikuuze uikepo. Sindinawapeze. Uwasiye choncho.

Chimene chikulemera mu envulopu muno ndi kiyi. Si watsopano, ndi wako uja. Tsiku unamusiya pa kauntala ndinamupachika pa msomali kuseri kwa sikelo, ndipo wakhala pomwepo. Mchemwali wako wandivutitsa zaka zinayi kuti tisinthe loko. Ndikanasintha, kiyi ameneyu akanatsegula chiyani? Ukamamulowetsa uzimukokera kumbuyo pang'ono, kenaka n'kupotoza. Usakakamize.

Mwina sudzamufuna n'komwe, chifukwa basi imafika masana, ndipo masana ine sindikiya.

Kalatayi ndatumiza pa positi yachangu kuti ikupeze mwezi usanathe. Wafunsa katatu funso limodzi, ngati kankhalamba ka pa chitsime kaja. Munthu safunsa kuti ndibwere kwawo. Gula tikitiyo. Mawu oti ndidzanene pakhomo unandilembera kale, ndipo ndawaloweza.

Bambo ako, amoyo